Mafunso a Owerenga: Skyrim Ikamatsekeka Yokha Pambuyo Poikamo Mamodi

Makalata anayi amene tawasankha mwezi uno akukhudza gemu imodzi, The Elder Scrolls V: Skyrim, imene kampani ya ku America ya Bethesda inatulutsa pa 11 Novembala 2011, n'kudzaitulutsanso mu Okotobala 2016 itakonzedwa mwatsopano ndi kupatsidwa dzina lakuti Special Edition. Kwa amene sanaisewerepo, iyi ndi gemu imene wosewera amadzipangira munthu wake, kaya wankhondo kaya wamatsenga, n'kumayenda naye m'dziko lozizira la mapiri, akulimbana ndi zinjoka ndi kugwira ntchito zimene anthu a m'mizinda ya m'gemumo amamutuma. Mamodi ndi zowonjezera zimene osewera anzathu amapanga okha n'kuziika pa intaneti, makamaka pa webusaiti ya Nexus Mods. Ena amasintha maonekedwe a mitengo ndi nyumba, ena amabweretsa zida ndi maulendo atsopano, pomwe ena amasintha malamulo enieni a gemuyo. Bethesda imalola zimenezi, moti mu 2012 inatulutsa pulogalamu ya Creation Kit yopangira mamodi. Komabe palibe kampani kapena munthu amene amayesa mamodi onsewa pamodzi kuti aone ngati akugwirizana, choncho ntchito imeneyo imatsalira mwini kompyuta.

Gemu ikutsekeka isanafike pa menyu

Akonzi, ndine wophunzira wa pa koleji ndipo ndinagula Skyrim Special Edition pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, chaka chatha. Gemuyo inkayenda bwino mpaka pamene ndinagula data ya usiku n'kutsitsa mamodi pafupifupi 90, omwe ndinangowakopera onse mu foda ya Data monga mnzanga anandionetsera. Tsopano ndikaitsegula, chizindikiro cha Bethesda chimaoneka, kenako sikirini imada ndipo ndimabwerera pa desikitopu popanda uthenga uliwonse. Ndinaichotsa n'kuitsitsanso yonse, zomwe zinandithera data yambiri, koma vutolo likadalipo. Kodi kompyuta yanga ndiyo yafooka?
Wophunzira, Kapata, Chipata

Achimwene, kompyuta yanu musaikayikire msanga, chifukwa ndi yomweyo imene inkayendetsa gemuyi bwinobwino mamodi asanalowe. Gemu ikatsekeka isanafike pa menyu yoyamba imakhala isanayambe kulemetsa khadi la zithunzi kapena RAM, malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo. Pa nthawiyo imakhala ikungowerenga mndandanda wa mafayilo amene mwaiuza kuti itsegule, ndipo mu mndandandamo muli chinthu chimene yalephera kugwirizana nacho. Zifukwa zimene zimabweretsa vuto lotere kawirikawiri ndi ziwiri.

Choyamba ndi modi imene ikudalira fayilo ina yomwe inu mulibe. Mamodi ambiri amakhala ndi fayilo yothera ndi .esp, .esm kapena .esl, ndipo kumayambiriro kwa fayilo iliyonse yotere kunalembedwa mayina a mafayilo ena amene iyo imatsamirapo, omwe osewera amawatcha master. Gemu ikafufuza limodzi mwa mayinawo n'kulisowa imatsekeka nthawi yomweyo osanena kanthu. Munthu wotsitsa mamodi ambiri usiku umodzi amakodwa mosavuta ndi timafayilo ta patch, togwirizanitsa mamodi awiri: amatenga kogwirizanitsa modi ya nyengo ndi modi ya nyali, chonsecho ya nyaliyo sanaitsitse n'komwe. Chimodzimodzinso ndi Unofficial Skyrim Special Edition Patch, imene mamodi ochuluka amaidalira. Mitundu yake yatsopano imafuna zowonjezera zinayi zaulere zimene Bethesda inapereka mu 2021, zomwe ndi Fishing, Survival Mode, Saints & Seducers ndi Rare Curios, ndipo munthu akafufuta chimodzi mwa izi poganiza kuti n'chosafunika, patch ija imagwa pamodzi ndi mamodi onse otsamira pa iyo.

Chachiwiri, chimene ine ndikuchikayikira kwambiri pa nkhani yanu, ndi SKSE64. Iyi ndi pulogalamu yokuza zimene mamodi angathe kuchita m'gemu, ndipo modi yotchuka ya SkyUI ndi ena ambirimbiri sayenda popanda iyo. SKSE64 imagwira ntchito mkati mwenimweni mwa SkyrimSE.exe, fayilo imene imayendetsa gemuyi, n'chifukwa chake mtundu wake uliwonse unapangidwira mtundu umodzi wokha wa gemu. Gemu ya 1.5.97 imayenda ndi SKSE64 ya 2.0.20, ya 1.6.640 imayenda ndi 2.2.3, ndipo ya 1.6.1170, imene inatuluka mu Januwale 2024, imayenda ndi 2.2.6. Chisokonezo chinayamba pa 11 Novembala 2021, pamene Bethesda inatulutsa Anniversary Edition pokumbukira zaka 10 za gemuyi. Tsiku limenelo Steam inasintha gemu kuchoka pa 1.5.97 kupita pa 1.6 kwa onse, kaya analipira zowonjezera za Anniversary Edition kaya ayi. Kuyambira pamenepo, pa masamba a mamodi mafayilo a 1.5.97 amalembedwa SE ndipo a 1.6 amalembedwa AE. Ndiye munthu amene wagula Special Edition posachedwapa, monga inu, amaona SE n'kuganiza kuti ndi yake, pomwe gemu imene ali nayo ndi ya 1.6 ndipo ikufuna mafayilo a AE.

Kuti mutsimikize, pitani mu foda ya gemu, dinani SkyrimSE.exe ndi batani la kumanja la mausi, sankhani Properties kenako Details, ndipo muona nambala ya mtundu wa gemu yanu. Nambala imeneyo muilembe papepala, chifukwa iyenera kugwirizana ndi SKSE64, ndi modi ya Address Library for SKSE Plugins, komanso ndi modi iliyonse imene ili ndi fayilo yothera ndi .dll. Mafayilo a .dll amenewa ndiwo osakhululuka; imodzi yokha ikakhala ya mtundu wolakwika ikhoza kuletsa gemu yonse kutseguka. SKSE64 imalemba lipoti lake mu fayilo ya skse64.log, imene ili mu Documents, m'kati mwa My Games, Skyrim Special Edition, kenako SKSE, ndipo m'menemo muona mafayilo a .dll amene atseguka bwino ndi amene akanidwa.

Data imene inakutherani potsitsanso gemu inapita pachabe, ndipo chifukwa chake n'choyenera kuti wowerenga aliyense achidziwe. Steam ikamachotsa gemu imafufuta mafayilo okhawo amene inaika yokha, ndipo onse amene munathira inuyo mu foda ya Data imawasiya momwemo, moti gemu yatsopanoyo inafikira pa mamodi omwe aja. Pali njira yosadya data yambiri. Tsegulani foda ya Data n'kusamutsira kwina chilichonse chimene si cha Bethesda. Za Bethesda ndi mafayilo asanu a Skyrim.esm, Update.esm, Dawnguard.esm, HearthFires.esm ndi Dragonborn.esm, mafayilo a .bsa amene mayina awo amayamba ndi Skyrim, amene amayamba ndi zilembo cc kapena ndi _ResourcePack, ndiponso foda ya Video. Chotsaninso mafayilo a SKSE64 amene ali pambali pa SkyrimSE.exe. Mukatero uzani Steam kuti iunike gemuyo podina Verify integrity of game files, ndipo idzangotsitsa zokhazo zimene zasowa kapena zawonongeka. Gemu ikatseguka bwino ili yopanda modi, koperani foda yonseyo pa disiki ina kuti mukadzakumananso ndi mavuto musadzagulenso data.

Poyambiranso, musakoperenso mamodi pamanja. Gwiritsani ntchito pulogalamu yoyang'anira mamodi, yomwe ndi Mod Organizer 2 kapena Vortex. Vortex ndi yosavuta kwa woyamba kumene, koma ine ndimalangiza Mod Organizer 2 chifukwa imasunga modi iliyonse mu foda yakeyake osakhudza foda ya Data, moti kuzimitsa modi kumangokhala kuchotsa kachizindikiro kamodzi, ndiponso imaika chenjezo lofiira pa fayilo iliyonse imene ikusowa master. Musaiike mu Program Files, poti Windows imateteza foda imeneyo ndipo nthawi zina imaletsa mapulogalamu kulembamo. Mafayilo amene munatsitsa usiku uja akadali pa kompyuta yanu ndipo pulogalamuyi iwalandira, choncho mungotsitsanso okhawo amene anali a mtundu wolakwika.

Pali pulogalamu inanso ya LOOT, imene imasanja mamodi m'dongosolo loyenera kutsegukira ndi kuchenjeza za amene amadziwika kuti sagwirizana. Muigwiritse ntchito ndipo muwerenge machenjezo ake ofiira ndi achikasu, koma osaikhulupirira mopitirira. Anthu ambiri amaganiza kuti akangodina batani la LOOT ndiye kuti zonse zakonzeka, pomwe iyo imangosanja. Singayanjanitse mamodi awiri amene akulimbirana nyumba imodzi ya m'gemu. Chimene chimathandiza kuposa LOOT ndi kuwerenga tsamba la modi musanaitsitse, makamaka gawo lotchula zimene modiyo imafuna. Za malire a chiwerengero musade nkhawa, chifukwa gemuyi imalandira mafayilo akuluakulu 254 ndi opepuka a mtundu wa .esl okwana 4096, ndipo inu muli kutali.

Ngati mwachita zonsezi koma gemu ikutsekekabe, gawani mamodi pakati. Zimitsani theka n'kutsegula gemu. Ikatseguka, wolakwayo ali m'gulu limene mwazimitsa. Ikatsekeka, ali m'gulu limene likuyaka. Gulu lokayikitsalo ligaweninso pakati, ndi kupitiriza chomwecho mpaka mutatsala ndi modi imodzi. Pa mamodi 90, kugawa maulendo 7 kumakwana, pamene kuyesa imodzi imodzi kungakuthereni tsiku lathunthu. Modi izizimitsidwa pamodzi ndi onse oidalira, apo ayi mudzipangira vuto latsopano la master n'kuyamba kuimba mlandu modi yosalakwa.

Zonse zikakhala m'malo, uzani Steam kuti isamasinthe gemuyi yokha koma idikire mpaka mutaitsegula kudzera mwa iyo, ndipo inu muziitsegula nthawi zonse kudzera mu skse64_loader.exe kapena mu Mod Organizer 2. Mukapanda kutero, tsiku limene Bethesda idzatulutsenso mtundu watsopano mudzadzuka mamodi anu onse a .dll atasiya kugwira ntchito.

Pa chipata cha Whiterun, ndi laputopu yotentha

Akonzi, ndili ndi laputopu ya RAM ya 8 GB ndi khadi la zithunzi la 4 GB, ndipo mu Skyrim yanga muli mamodi ambiri okongoletsa maonekedwe. Nthawi iliyonse ndikamalowa pa chipata cha mzinda wa Whiterun gemu imatsekeka. Kwina konse imayenda, koma ndikasewera ola limodzi imayamba kudukizadukiza kenako n'kutsekeka, ndipo masiku otentha laputopu yonse imazima. Anzanga akuti ndiikemo mamodi ena okonza zolakwika. Ndi ati amene mungandilangize?
Wowerenga wa ku Lundazi

Bambo, malangizo a anzanuwo ayambe adikira, chifukwa kuwonjezera mamodi pa vuto limene simunalidziwe kumangochulukitsa zinthu zokayikitsa. Zimene mwafotokoza ndi mavuto atatu osiyana, ndipo mamodi akukhudzidwa ndi awiri okha.

Gemu ikamatsekeka pamalo amodzimodzi nthawi zonse, pamalopo pali chinthu chimene ikulephera kuchitsegula. Chikhoza kukhala nyumba, chovala cha mlonda, kapena nkhope ya munthu amene modi ina yamusintha. Skyrim siitsegula dziko lonse nthawi imodzi, imangotsegula zigawo zozungulira pamene wosewera waima, choncho fayilo yowonongeka imatha kukhala phee kwa masabata mpaka tsiku limene mudzaiyandikira. Yambani ndi kuona ngati vutolo lili mu mamodi kapena mu save yanu, yomwe ndi fayilo imene gemu imasungamo pamene mwafika. Mukafika pa menyu yoyamba musatsegule save iliyonse. Dinani batani la pansi pa Esc, lembani coc WhiterunOrigin, ndipo gemu idzakuikani mkati mwa mzindawo ndi munthu watsopano. Ikatsekekanso, save yanu ilibe mlandu, ndipo muyang'ane mamodi onse okhudza Whiterun. Kawirikawiri pamapezeka mamodi awiri osintha mzinda womwewo popanda patch, kapena modi imene inapangidwira Skyrim yakale ya 2011. Nexus Mods ili ndi zigawo ziwiri zosiyana za magemu awiriwa, ndipo mafayilo ena a .nif, omwe amasunga maumbidwe a zinthu, amagwetsa Special Edition ngati atengedwa ku gemu yakale osasinthidwa ndi pulogalamu monga Cathedral Assets Optimizer.

Modi imodzi yokha imene ndingakuuzeni kuti muwonjezere ndi Crash Logger yogwirizana ndi mtundu wa gemu yanu, chifukwa siisintha chilichonse m'gemu, imangolemba lipoti la zimene gemu inkachita pa nthawi imene inagwa. Lipotilo limasungidwa mu foda ya SKSE imene ndaitchula mu yankho loyamba. Poyamba limaoneka loopsa chifukwa ladzaza manambala, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Simuyenera kumvetsa mzere uliwonse. Mungofunafuna mayina amene mukuwadziwa, monga fayilo ya .dll ya modi ina, fayilo ya .nif pamodzi ndi foda imene ili, kapena dzina la .esp. Mukaona FormID, yomwe ndi nambala ya zizindikiro 8, ziwiri zoyambirira zimasonyeza malo a fayilo mu mndandanda wanu, ndipo Mod Organizer 2 imaonetsa nambala zomwezo pambali pa fayilo iliyonse. Dzina loonekera kamodzi silitsimikizira kanthu, koma likabwerabwera m'malipoti atatu kapena anayi a pa chipata chomwecho, mwampeza mwini mlandu. Anthu ena amatumizirana lipoti la Papyrus, chiyankhulo cholembera malangizo a mamodi, poganiza kuti ndilo lofotokoza za kugwa kwa gemu, koma limenelo linapangidwira olemba mamodi, ndipo mzere wake womaliza kawirikawiri sukhudzana ndi chimene chagwetsa gemu.

Kudukiza kumene kumayamba pakatha ola ndi nkhani ya malo osungira. Texture ya 4K, yomwe ndi chithunzi chokutira khoma, mwala kapena chovala, imakhala ndi timadontho 4096 m'litali ndi 4096 m'lifupi, ndipo imadya malo kanayi kuposa ya 2K. Khadi la 4 GB likadzaza, kompyuta imayamba kubwereka RAM, ndipo RAM ya 8 GB ndi yongokwanira gemu yopanda modi, malinga ndi zimene Bethesda inalemba kuti Special Edition imafuna. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager, pitani pa Performance, ndipo muyang'ane mmene khadi ndi RAM zikudzazira pamene mukusewera. Zikamafika pakhosi, sinthani ma texture a 4K ndi a 2K kapena 1K. Pa sikirini yaing'ono ya laputopu kusiyana kwake n'kovuta kukuona, ndipo ndimaona kuti anthu ambiri amawononga data ndi mtendere wawo pa kukongola kumene maso awo sadzakuona. Onetsetsaninso kuti pagefile ya Windows, imene imabwereka malo pa disiki RAM ikadzaza, siinazimitsidwe, ndi kuti disikiyo ili ndi malo otsala okwanira.

Kuzima kwa laputopu yonse si ntchito ya modi. Modi yolakwika imagwetsa gemu n'kukusiyani pa desikitopu, koma makina akazima onse ndiye kuti akudziteteza ku kutentha, kapena batire ndi chaja zafooka. Mapurosesa ambiri a laputopu amayamba kudzichepetsa liwiro akayandikira madigiri 100, ndipo akapitirira amazima. Kuno kum'mawa fumbi la Ogasiti ndi Sepitembala limatseka timabowo ta mpweya, kenako dzuwa la Okotobala limapeza fani itatsamwa kale. Pulogalamu yaulere ya HWMonitor ikuonetsani kutentha kwake. Musasewerere pa bedi kapena pa khushoni, kwezani kumbuyo kwa laputopu kuti mpweya uzidutsa pansi, ndipo ngati yatha zaka osatsegulidwa, pitani nayo kwa wokonza makompyuta kuti akachotse fumbi ndi kupaka thermal paste yatsopano, phala lothandiza purosesa kuzizira.

Save yakana kutseguka

Akonzi, ndine mphunzitsi ndipo ndimasewera Skyrim pa kompyuta ya patebulo ndikamaliza kuchonga. Munthu wanga ndafika naye kutali kwambiri. Mwezi wathawu ndinachotsa modi ya njala ndi kuzizira chifukwa inkanditopetsa, ndipo gemu inayamba kutsekeka apo ndi apo. Kenako magetsi anazima ndili pakati posunga, ndipo tsopano save yomaliza ikangoyamba kutseguka gemu imagwa. Kodi ndingaipulumutse?
Mphunzitsi wamkazi, Petauke

Aphunzitsi, sindikulonjezani kuti save yomalizayo ipulumuka. Magetsi akazima fayilo ikulembedwa, imatsala yoduka, ndipo palibe pulogalamu imene ingabwezeretse gawo limene silinalembedwe n'komwe. Chiyembekezo chanu chili pa mafayilo akale, amene ali mu foda ya Saves, m'kati mwa My Games ndi Skyrim Special Edition. Musanayese chilichonse, koperani foda yonseyo pa fulashi. Gemuyi imasunganso yokha mafayilo atatu a autosave mosinthanasinthana, ndipo imodzi mwa iwo ikhoza kukhala ya mphindi zochepa magetsi asanazime.

Koma ngakhale imeneyo itatseguka, matenda anayamba kale pamene munachotsa modi ija. Mamodi a njala, kuzizira, nkhondo ndi maulendo amagwira ntchito ndi malangizo olembedwa m'chiyankhulo cha Papyrus, ndipo gemu imasunga mkati mwa save zonse zimene malangizowo anali kuchita. Mukachotsa modi, zotsalira zake zimakhalabe mu save, zikuitana mafayilo amene kulibe. Kuchotsa modi yotere pakati pa ulendo kuli ngati kuzula mzati nyumba itafoleredwa kale: denga silingagwe tsiku lomwelo, koma lidzagwa mphepo ikadzabwera. Mamodi a texture okha ndi amene mungaike ndi kuchotsa nthawi iliyonse popanda mantha.

Njira yodalirika ndi kubwezera modi ija, mtundu womwewo umene munali nawo, n'kutsegula save imene munasunga musanaichotse. Mutaya zimene munachita mwezi wathawu, koma mukhala pa maziko olimba. Ngati njala ndi kuzizira zikukutopetsanibe, mamodi ambiri otere ali ndi pozimitsira mu menyu ya MCM imene SkyUI imabweretsa, ndipo kuzimitsa modi ikadali m'malo mwake n'kwabwino kuposa kuifufuta. Ngati save yakaleyo mulibe, yesani pulogalamu ya ReSaver, yomwe ndi gawo la FallrimTools. Imatsegula save n'kuchotsamo zotsalira za mamodi amene anachoka, ndipo nthawi zina imautsa ulendo umene unkaoneka kuti wafa, koma siibweza zinthu zimene modi inasintha kale m'dziko la gemu. Muigwiritse ntchito pa fayilo yokopera, osati yeniyeniyo.

Pali vuto lina lofanana ndi lanu limene si loopsa. Munthu wa mamodi ambiri nthawi zina amaona gemu ikunena kuti mafayilo ake onse a save awonongeka, koma akaitseka n'kuitsegulanso amawapeza ali bwinobwino. Kumeneko kumakhala kuti gemu yafika pa malire a mafayilo amene ingatsegule nthawi imodzi, ndipo modi ya SSE Engine Fixes imakweza malirewo.

Pa nkhani ya magetsi, tonse tikukumbukira mmene chilala cha 2024 chinachepetsera madzi ku Kariba, ndipo kompyuta ya patebulo ilibe batire loiteteza monga laputopu. UPS yaing'ono, yomwe ndi batire loyendetsa kompyuta magetsi akazima, imapereka mphindi zokwanira kusunga ndi kutseka bwino. Zolowerani kusunga mu fayilo yatsopano kudzera mu menyu m'malo modalira batani la F5, limene limalemba pamwamba pa fayilo yomweyo, ndipo pokopera pa fulashi muzitenga mafayilo onse awiri a save iliyonse, ya .ess ndi inzake ya .skse.

Gemu ya pa fulashi

Akonzi, mwana wanga wa ku sekondale anabweretsa Skyrim pa fulashi kuchokera kwa munthu wina wokopera mafilimu, ili kale ndi mamodi. Gemuyo imatsekeka pafupipafupi ndipo kompyuta ikuchenjeza za vairasi. Wokoperayo akuti tizimitse pulogalamu yoteteza. Kompyuta yomweyo ndimasungiramo mabuku a malonda anga a mtedza ndi soya. Nditani?
Kholo la ku Chadiza

Bambo, musazimitse. N'zoona kuti mapulogalamu oteteza nthawi zina amanamizira SKSE64 kapena Mod Organizer 2, chifukwa zonse ziwiri zimalowerera m'kati mwa pulogalamu ina monga mmene mavairasi ena amachitira, koma chikhululukiro chimenecho chimayenera mafayilo amene munthu watsitsa yekha kuchokera kwa eni ake. Fayilo imene yadutsa m'manja ambiri simungadziwe zimene yanyamula, ndipo mabuku a malonda anu ndi odula kuposa gemu iliyonse.

Kutsekeka kwakenso sindingakuthandizeni kukonza, popeza pa gemu yotere mtundu wake sudziwika bwino, SkyrimSE.exe imakhala itasinthidwa, ndipo palibe akudziwa mamodi amene anathiridwamo. Opanga SKSE64 amaipangira magemu ogulidwa m'masitolo a pa intaneti a Steam ndi GOG okha. Ngakhale yogulidwa mwachilungamo pa Microsoft Store siigwira nayo ntchito.

Koperani mabuku anu pa fulashi ina yoyera, mafayilo a zolemba okhaokha osatengako a .exe, kenako fufutani gemuyo ndi kuuza Windows Security kuti iunike kompyuta yonse, makamaka ndi njira ya Microsoft Defender Offline scan, imene imafufuza Windows isanatseguke. Ngati mwanayo akuifunadi gemuyi, Steam imatsitsa mitengo kumapeto kwa Juni ndi kumapeto kwa Disembala, ndipo Skyrim imakhala m'gulu la magemu otsitsidwawo kawirikawiri. Musanalipire, onani ngati kompyutayo ili ndi Windows ya 64-bit, RAM ya 8 GB, malo a 12 GB pa disiki ndi khadi la zithunzi lakelake. Mum'tsegulirenso akaunti yake ya Windows yopanda mphamvu za administrator, kuti pulogalamu iliyonse yofuna kusintha zinthu zikuluzikulu pa kompyutayo iziyamba yapempha pasiwedi yanu.